Omnipaque, Visipaque ndi anzake: mankhwala oonetsa mitsempha ya mtima monga ndawaonera pa ntchito

Mayi wina amene anabweretsa atate ake kuchokera ku Matero, mu Lusaka, anandiimitsa pakhomo la chipinda chathu tsiku lina m'mawa, kapepala ka adokotala kali m'manja, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti: "Pepani bambo, kodi dayi amene muwathire atate ndi wabwino uja kapena ndi wotchipa?" Anali atamva kwa mnzake wa kutchalitchi kuti pali dayi wina wopha impso ndi wina wosaononga kanthu, ndipo anali wokonzeka kukongola ndalama kuti agule wachiwiriyo. Ine ndimagwira ntchito yojambula odwala m'chipinda chimene timachitcha cath lab, m'mene madokotala a mtima amalowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa pamkono kapena wa m'mphechepeche mpaka kakafike pa mitsempha imene imadyetsa mtima, ndipo funso la mayiyo ndalimva kambirimbiri m'mawu osiyanasiyana. Pakhomo sipakhala nthawi yoliyankha mokwanira, choncho ndaona kuti ndibwino ndilembe zimene ndaona pa mankhwala amene adutsa m'manja mwanga, limodzi ndi zimene ofufuza anapeza atawayerekezera.

Chimene odwala amachitcha dayi si utoto ayi. M'botolo chimaoneka ngati madzi akumwa, ndipo ife pa ntchito timangoti contrast. Mitsempha sioneka pa X-ray chifukwa magazi ndi minofu yowazungulira zimalola kuwala kwa makina kudutsa mofanana, koma ayodini amatchinga kuwalako, motero mankhwala odzaza ndi ayodini akathiridwa mu mtsempha, mtsemphawo umada bii pa sikirini kwa masekondi awiri kapena atatu, nthambi zake zonse n'kuonekera ngati mizu ya mtengo wozulidwa, ndipo pamene mafuta anaundana pamaoneka pothina ngati pomangidwa ndi ulusi. Nambala yolembedwa pambali pa dzina, monga Omnipaque 350 kapena Ultravist 370, imanena mamiligalamu a ayodini amene ali mu mililita imodzi. Mankhwalawa akamaliza ntchito yake amasefedwa ndi impso, ndipo mwa munthu wa impso zabwino pafupifupi onse amatuluka ndi mkodzo pasanathe maola 24. Ntchito yonse yowachotsa m'thupi ili pa impso zokha, n'chifukwa chake mantha a mayi uja sanali opanda pake.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri mankhwalawa ndi mphamvu yake yokoka madzi, imene m'mabuku amaitcha osmolality. Aliyense amene anawazapo mchere pa nsomba yaiwisi n'kuona madzi akuchucha amaidziwa kale mphamvu imeneyi. Pa muyeso wake, magazi a munthu ali cha pa 290. Mankhwala akale, a gulu la diatrizoate monga Urografin, amayambira cha pa 1,500 n'kupitirira 2,000 akakhala okhuthala, kutanthauza kuti amaposa magazi kasanu kufikira kasanu ndi kawiri. Gulu lachiwiri, m'mene muli iohexol, iopamidol, iopromide ndi ioversol, lili pakati pa 600 ndi 900, ndipo gulu lachitatu, limene pa ntchito ya mtima lili ndi iodixanol yekha, lili pa 290 penipeni, mofanana ndi magazi. Ophunzira amene amabwera kudzazolowera ntchito kwathu amasokonezeka chaka ndi chaka, chifukwa gulu lachiwirilo limatchedwa "low osmolar" pamene likuposabe magazi kawiri kapena katatu. Linapatsidwa dzinalo poliyerekezera ndi mankhwala akale, gulu lachitatu lisanabadwe.

Za Urografin sindinena zambiri, chifukwa pa mitsempha ya mtima nthawi yake inatha. Akadali ndi ntchito pojambula chikhodzodzo ndi ziwalo zina zimene mankhwala salowa m'magazi, ndipo mtengo wake ndi wotsika, koma akathiridwa molunjika mu mtsempha wa mtima amatha kuchedwetsa kugunda kwake, kutsitsa BP ndi kusokoneza kayendedwe ka mtima mpaka kuika moyo pachiswe. Izi zinaoneka tsiku loyamba lenileni. Pa 30 Okutobala 1958, ku Cleveland Clinic m'dziko la America, dokotala Mason Sones ankajambula mtsempha waukulu wa mnyamata wa zaka 26, ndipo kachubu kanaterereka n'kulowa mu mtsempha wakumanja wa mtima, mankhwala a gulu lomweli n'kuthiridwamo ambiri mwangozi. Mtima unaima kwakanthawi, Sones anakuwira wodwalayo kuti akhosomole, ndipo unayambiranso. Ngoziyo ndi imene inasonyeza kuti mitsempha ya mtima ingajambulidwe mwachindunji munthu n'kukhalabe ndi moyo, ndipo mpaka lero madokotala athu akaona mtima ukuchedwa pa sikirini amanenabe mawu omwewo akuti "khosomolani, bambo."

Amene anasintha zinthu ndi Torsten Almén, dokotala wojambula wa ku Sweden, amene mu 1969 anafalitsa ganizo lakuti ululu ndi kutentha zimene odwala ankamva zinkachokera ku mphamvu yokoka madzi ija, ndipo kuti mankhwala osagawanika ngati mchere akasungunuka angachepetse vutolo. Kampani ya ku Norway inagwira naye ntchito, ndipo pamapeto pake panatuluka iohexol kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Umboni waukulu unachokera ku Japan mu 1990, pamene Katayama ndi anzake anawerengera anthu oposa 337,000 amene anabayidwa contrast. Mwa amene analandira mankhwala akale, pafupifupi 13 pa 100 alionse anakumana ndi vuto linalake, pamene mwa olandira atsopanowo anali 3 pa 100, ndipo mavuto oopsa anachepa pafupifupi kasanu. Kusiyana kwakukulu kotereku kuli pakati pa mankhwala akale ndi atsopano. Pakati pa atsopanowo okhaokha, kumene kuli funso la mayi wa ku Matero, kusiyana n'kochepa kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Iohexol, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Omnipaque la kampani ya GE HealthCare, ndiye khasu lathu la tsiku ndi tsiku. Pa mtima timagwiritsa ntchito wa 350, amene osmolality yake ili cha pa 840. Chithunzi chake n'chakuda mokwanira ngakhale mwa munthu wonenepa, amatuluka m'sirinji popanda kulimbana naye kwambiri, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, zimene zimathandiza kuti azipezeka. Pali makampani a ku India ndi ku China amene amapanganso iohexol yemweyo pa mtengo wotsikirapo, ndipo pa sikirini ine sindinathepo kusiyanitsa chithunzi chawo ndi cha dzina lotchukalo. Chimene ndimayang'ana pa botolo lotere ndi chakuti linalembetsedwa ku ZAMRA, bungwe loona za mankhwala m'Zambia, tsiku lake lothera silinakwane, ndipo madziwo ndi oyera opanda timibulu. Chofooka cha iohexol ndi kutentha. Pothira mamililita asanu kapena asanu ndi atatu mu mtsempha umodzi wa mtima odwala ambiri samva kanthu, koma pojambula chipinda chachikulu cha mtima, kapena pa CT scan pamene makina amakankha mankhwala ambiri nthawi imodzi, kutentha kumayambira pakhosi n'kutsika thupi lonse mpaka kumunsi. Ndinaphunzira kuchenjezeratu, makamaka kwa achikulire amene amachita manyazi: "Agogo, mumva kutentha ngati mwadzikodzera, koma musavutike mtima, simunatero, ndipo zitha pasanathe mphindi imodzi." Amene sanauzidwe amadzidzimuka n'kugwedezeka, chithunzi n'kuonongeka.

Iopamidol 370 wa kampani ya Bracco ya ku Italy, amene amagulitsidwa ndi mayina monga Iopamiro ndi Isovue, ndiponso iopromide 370 wa Bayer, wodziwika kuti Ultravist, ndimawaika pa mzere umodzi ndi iohexol. Osmolality yawo ili pansi pang'ono pa 800, ayodini wawo ndi wochulukirapo, ndipo pa timitsempha ting'onoting'ono ta anthu a shuga chithunzi chimathwa pang'ono. Kutentha kwake n'chimodzimodzi. Chipatala chitasintha kuchoka ku mmodzi kupita ku mnzake chifukwa cha mtengo, wodwala alibe chifukwa chodera nkhawa.

Mkangano weniweni uli pa iodixanol, amene dzina lake la malonda ndi Visipaque 320, ndipo ndiye "wabwino uja" amene mayi anamva kutchalitchi. Ubwino wake woyamba sufuna buku kuti munthu aukhulupirire, chifukwa umaoneka pankhope ya wodwala: kutentha kumachepa, ululu pojambula mitsempha ya m'miyendo umachepa kwambiri, ndipo wodwala amagona phee. Kuti opanga afikitse osmolality pa 290 analumikiza timagawo tiwiri kukhala kamodzi kakakulu, ndipo mtengo wa nzeru imeneyo ndi kukhuthala. Pa madigiri 37 kukhuthala kwake kuli cha pa 12, pamene iohexol 350 ali cha pa 10 ndipo iopamidol 370 ali cha pa 9, koma pa madigiri 20 iodixanol amafika cha pa 26. Manambalawa ndinawamvetsa bwino m'mawa wina wa mu Julayi, pamene kabati yathu yofunditsira mabotolo inapezeka itazima usiku wonse chifukwa cha kuthima kwa magetsi. Aliyense wokhala mu Lusaka amadziwa mmene uchi umalimbira m'miyezi yozizira. Adokotala ankakankha sirinji ndi manja awiri kudzera mu kachubu kowonda ka pamkono, mankhwala ankalowa monyinyirika, ndipo mtsempha sunkadzaza bwino, mwakuti panafunika kubwereza zithunzi ziwiri. Kubwereza kulikonse ndi mankhwala ena opita ku impso ndi kuwala kwina kwa X-ray. Kuyambira tsiku limenelo chinthu choyamba chimene ndimagwira ndikalowa m'chipinda ndi botolo, kuti ndimve ngati lili lofunda ngati thupi la munthu.

Pa nkhani ya impso, mbiri ya iodixanol inamangidwa makamaka pa kafukufuku wotchedwa NEPHRIC, amene anasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2003. Odwala ake anali 129, onse a shuga komanso a impso zofooka kale. Mwa amene analandira iodixanol, 3 pa 100 ndi amene creatinine yawo, chinthu cha m'magazi chimene chimachuluka impso zikafooka, inakwera mooneka, pamene mwa olandira iohexol anali 26 pa 100. Zotsatira zimenezi zinamveka padziko lonse, ndipo mphekesera za kutchalitchi zija ndi mdzukulu wake. Koma odwala 129 ndi ochepa, ndipo ofufuza ena atabwereza ntchitoyo sanapeze kusiyana kwakukulu chotero. Kafukufuku wa CARE wa mu 2007, wa odwala 414 a impso zofooka amene ankajambulidwa mtima, anayerekezera iodixanol ndi iopamidol ndipo sanapeze kusiyana kodalirika. Amene anasonkhanitsa pamodzi zotsatira zambiri pambuyo pake anapeza kuti iodixanol amaoneka woposa makamaka akamayerekezeredwa ndi iohexol mwa odwala a impso zofooka, koma osati akamayerekezeredwa ndi ena a gulu lachiwiri. N'chifukwa chake malangizo a 2012 a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso a m'mayiko osiyanasiyana, ndiponso a madokotala a mtima a ku Ulaya, amangonena kuti pagwiritsidwe ntchito gulu lachiwiri kapena lachitatu m'malo mwa mankhwala akale, osasankhapo dzina limodzi.

Pali mbali ina imene osilira iodixanol satchula kawirikawiri. Ziwengo zochedwa, zimene zimatuluka pakhungu patapita maola angapo mpaka mlungu wathunthu, zimaoneka kwambiri ndi iyeyu kusiyana ndi a gulu lachiwiri. Nthawi zambiri ndi totupa tofiira toyabwa timene timatha tokha kapena ndi mankhwala opaka, koma popeza wodwala amakhala atabwerera kale kwawo, amaganiza kuti ndi sopo, chakudya kapena mapiritsi atsopano. Choopsa n'chakuti amene waikidwa stent, kachubu kawaya kotsegula mtsempha wothina, angasiye clopidogrel kapena aspirin, mapiritsi oletsa magazi kuundana, poganiza kuti ndiwo ayambitsa totupato, ndipo kusiya mapiritsi amenewo m'masabata oyambirira kungatseketse stent ndi magazi oundana. Wotuluka ziwengo abwerere kwa adokotala ake asanasiye piritsi lililonse. Pamwamba pa zonsezi pali mtengo, umene uli wokwera moonekeratu, ndipo popeza mankhwala onsewa amachokera kunja, kwacha ikagwa mtengowo umakwera nthawi yomweyo.

Chimene chinandiphunzitsa kuti dzina la pabotolo si mutu wa nkhani ndi bambo wina wachikulire wochokera ku Chipata, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi shuga, impso zake zinali zofooka pang'ono, ndipo adokotala anasankha mankhwala odula aja mwadala pofuna kumuteteza. Panapezeka mitsempha iwiri yothina, anaikidwa stent, ndipo ntchitoyo inatenga nthawi ndi mankhwala ochuluka. Tsiku lachitatu creatinine inali itakwera ndipo mkodzo unachepa. Asisita atamufunsa kuti, "Atate, tsiku lija munali mutamwa madzi liti komaliza?" iye anayankha kuti, "Pa Luangwa, mwana wanga, dzulo lake masana." Ulendo wa basi wa makilomita oposa 550 anauyenda osamwa kanthu kwenikweni poopa kuvutitsa kondakitala kuti aime, ndipo atafika anatsatira kapepala kathu konena kuti asadye kuyambira pakati pa usiku, iye n'kumva kuti ndi madzi omwe. Dzina lake linaitanidwa masana. Zinadziwikanso kuti kwa milungu ingapo ankamwa diclofenac wogula yekha chifukwa cha mawondo, ndipo palibe mwa ife amene anamufunsa za mapiritsi a m'thumba. Impso zake zinabwerera mwakale patapita masiku pafupifupi khumi, popanda dialysis (kusefa magazi ndi makina), koma mlandu unali wathu, ndipo kapepala kaja tinakalembanso kuti kanene poyera kuti madzi ndi ololedwa mpaka maola awiri ntchito isanayambe, pokhapokha adokotala atanena zina.

Impso ya munthu wouma m'thupi imalandira contrast magazi ake ali ochepa kale, ndipo mankhwalawo amathinitsa timitsempha ta mkati mwake n'kukhuthalitsa madzi a m'timachubu take, motero mbali zina zimasowa mpweya. Mapiritsi monga diclofenac ndi brufen amatseka njira imene impso imadzitetezera nayo pa nthawi yotere. Kwa zaka zambiri zipatala zinkapereka acetylcysteine kapena dripu ya bicarbonate pokhulupirira kuti zimateteza, koma kafukufuku wa PRESERVE wa mu 2018, wa odwala oposa 5,000, anapeza kuti sizinapose dripu wamba ya madzi amchere. Zimene zatsala zodalirika n'zosadula: kuyeza creatinine ndi eGFR (nambala yosonyeza mphamvu ya impso yosefa magazi, imene imatsika impso zikamafooka) tsiku lisanafike, kuonetsetsa kuti wodwala ali ndi madzi okwanira m'thupi, kuika dripu kwa amene eGFR yawo yatsika kwambiri, makamaka pansi pa 30, ndiponso kuchepetsa mankhwala othiridwa. Wodwala amene mtima wake ndi wofooka ndipo amatupa miyendo sangathiridwe madzi mwachisawawa, ndipo muyeso wake amauona ndi adokotala.

Kuchepetsa mankhwala ndi luso la dzanja, ndipo pamenepa madokotala amasiyana kuposa mmene mabotolo amasiyanirana. Kujambula kokha kungatheke ndi mamililita 30 mpaka 60 m'manja mwa wosamala, pamene kuika stent kumatenga 100, 200 kapena kuposerapo mtsempha ukakhala wovuta. Pali lamulo la pakamwa limene timagwiritsa ntchito, lakuti mamililita onse asapitirire nambala ya eGFR kuchulukitsa katatu kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti wa eGFR ya 40 malire ake ali cha pa 120 mpaka 150. Ntchito yanga ina ndi kutchula mokweza kuti, "Adokotala, tafika pa 100," ndipo dokotala wabwino samakwiya nazo. Ndaonapo ena akuimitsa ntchito n'kunena kuti mtsempha wachiwiri udzakonzedwa pakapita masiku angapo impso zitapuma, ngakhale kuti achibale amadandaula za ulendo wachiwiri. Mamililita 50 a iohexol mwa wodwala wokonzedwa bwino ine ndingawasankhe kusiyana ndi mamililita 250 a iodixanol mwa wodwala waludzu.

Pa CT scan ya mitsempha ya mtima kayerekezedwe kamasintha pang'ono. Kumeneko mankhwala salowa ndi kachubu kofika kumtima, koma amakankhidwa ndi makina mu mtsempha wa pachigongono, mamililita asanu kapena asanu ndi limodzi pa sekondi, onse pamodzi 60 mpaka 100, ndipo amafika kumtima atasakanikirana ndi magazi. Chofunika ndi kuchuluka kwa ayodini amene akufika pa sekondi iliyonse, motero a 350 ndi 370 amakondedwa, ndipo iomeprol 400 wa Bracco ndiye wodzaza kuposa onse. Iodixanol 320 amagwiranso ntchito bwino akafunditsidwa, ndipo kufatsa kwake kumathandiza wodwala wamantha kugwira mpweya osagwedezeka. Komabe chithunzi chabwino cha CT chimadalira kwambiri kuti mtima ukugunda pang'onopang'ono, cha pa 60 pa mphindi, n'chifukwa chake ambiri amapatsidwa kaye metoprolol. Mankhwala a MRI, a gadolinium, ndi nkhani ina ndipo salowa m'malo mwa awa.

Funso lina limene limabwera mlungu uliwonse ndi la nsomba. Anthu anamva kuti amene amatupa akadya kapenta kapena nkhanu sangalandire contrast chifukwa cha ayodini. Zimenezo si zoona. Chimene chimatupitsa munthu mu nsomba ndi mapuloteni ake, ndipo ayodini tonse timamudya tsiku lililonse mu mchere wa m'sitolo, chifukwa thupi limamufuna. Amene tiyenera kusamala naye kwambiri ndi munthu amene anadwalapo atabayidwa contrast m'mbuyomu, kenako wa mphumu yosakhazikika ndi wa ziwengo zoopsa za mtundu uliwonse. Kwa amene anadwalapo, kusintha n'kumupatsa mankhwala ena osiyana ndi amene anamudwalitsa kumathandiza, ndipo ichi ndi chifukwa chenicheni chimene chipatala chiyenera kusungira mitundu iwiri m'kabati. Ndi chifukwanso chake ndimalimbikitsa wodwala aliyense kuti apemphe dzina la mankhwala ndi mamililita ake zilembedwe pa kapepala kotulukira, chifukwa mawu akuti "anandibaya dayi" satithandiza patapita zaka zisanu.

Odwala shuga amene amamwa metformin afunse ngati ayenera kuimitsa, chifukwa impso zikafooka pambuyo pa contrast mankhwalawo amaunjikana m'magazi; kawirikawiri amaimitsidwa kwa maola 48 mwa amene impso zawo zili zokayikitsa, n'kuyambiranso creatinine itayezedwa. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir anene poyera, pakuti mankhwalawo amadutsanso ku impso, koma asasiye kumwa. Wa chotupa cha pakhosi kapena wa matenda a chithokomiro anenenso, chifukwa ayodini wochuluka chotere angachidzutse patapita milungu ingapo. Pa zitatu zonsezi palibe botolo loposa linzake.

Kapezekedwe nakonso n'koyenera kukaganizira poyerekezera. Ayodini wambiri wa padziko lonse amachokera ku Chile ndi ku Japan, ndipo mafakitale odzaza mabotolowa ndi owerengeka. Mu 2022, mzinda wa Shanghai utatsekedwa chifukwa cha Covid-19, fakitale yaikulu yopanga Omnipaque ndi Visipaque inachepetsa ntchito, ndipo zipatala za ku America ndi za ku Australia zinayamba kuchedwetsa odwala osafulumira ndi kuwerengera mamililita mosamala. Ngati mayiko olemera anafika pamenepo, dziko lopanda doko ngati lathu, limene katundu wake amayenda ulendo wautali kuchokera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, silingadalire dzina limodzi. Amene ali pa NHIMA, inshuwaransi ya zaumoyo ya boma la Zambia, afunsiretu ku chipatala chawo ngati contrast ali m'gulu la zolipiridwa pa ntchito imene akukachitidwa, ndipo amene wauzidwa kukagula yekha agule ku famasi yovomerezeka, atenge dzina ndi nambala monga zalembedwera, ndipo botololo alisunge m'katoni yake kutali ndi dzuwa.

Pondifunsa mmene ndingawaikire, ndinganene kuti kwa wodwala wa impso zabwino, amene ndiye ambiri, iohexol 350, iopamidol 370 ndi iopromide 370 ndi okwanira kotheratu, ndipo kulipira zambiri chifukwa cha iodixanol n'kugula mpumulo wa mphindi imodzi ya kutentha. Kwa wachikulire wa shuga amene eGFR yake yatsika, makamaka ngati mtima wake ndi wofooka ndipo m'kabati muli iohexol ndi iodixanol okha, ndimagwirizana ndi adokotala amene amatenga iodixanol, chifukwa umboni wochepa umene ulipo umapendekera kumeneko, malinga afunditsidwe ndipo athiridwe moumira. Pakakhala iopamidol, kusiyana kwake pa impso sikunaoneke.

Atate a mayi wa ku Matero analibe shuga, ndipo eGFR yawo inali pamwamba pa 70. Ndinamuonetsa nambalayo pa kapepala kake komwe, n'kumuuza kuti ngongoleyo aisiye, koma apite pa kantini akagule mabotolo awiri a madzi, limodzi la atate akatuluka ndi lina la madzulo. Anajambulidwa kudzera pamkono ndi mamililita osakwana 50 a iohexol, panapezeka mtsempha umodzi wothina pang'ono umene sunafunike stent, ndipo anabwerera kwawo tsiku lomwelo ndi mapiritsi a mafuta a m'magazi ndi a BP, dzina la contrast ndi mamililita ake zitalembedwa pansi pa kapepala kotulukira.